Msilikali wopanda mfuti: zimene mafilimu a nkhondo amasonyeza ndi zimene amasiya

Anthu ambiri akafuna kudziwa ngati filimu ya nkhondo ikunena zoona amayang'ana zinthu zooneka. Kodi mfuti iyi inalipo m'chaka chimenecho? Kodi chisoti chili bwino? Kodi baji yasokeredwa paphewa loyenera? Zimenezi n'zofunika, koma n'zosavuta kukonza, chifukwa wopanga filimu amene ali ndi ndalama amangolemba ntchito katswiri wa zovala ndi zida. Zolakwika zazikulu zimakhala kwina: pa kutalika kwa nthawi imene zinthu zinatenga, pa kuchuluka kwa anthu amene anagwira ntchitoyo, ndiponso pa zimene manja a munthu amachita akafika pa mnzake amene wavulala. Nkhani imene imaonetsa bwino zimenezi ndi ya amuna amene analowa usilikali atakana kugwira mfuti chifukwa cha chikumbumtima chawo, n'kumagwira ntchito yothandiza ovulala.

Wodziwika kwambiri mwa iwo ndi Desmond Doss, wa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia ku America, amene anabadwa mu 1919 ndipo anali wa mpingo wa Seventh-day Adventist. Filimu ya Hacksaw Ridge, imene Mel Gibson anatulutsa mu 2016, ndiyo inachititsa kuti dzina lake limveke padziko lonse. Ndi filimu yamphamvu, ndipo pachimake pa nkhaniyo siinanamize anthu: munthuyu analikodi, sananyamuledi mfuti, ndipo anapulumutsadi anthu ambiri pa chitunda cha Maeda pa chilumba cha Okinawa ku Japan, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Koma zimene inasintha zikutiphunzitsa zambiri.

Poyamba pali lamulo. Mu 1940 dziko la America linakhazikitsa lamulo lolemba anyamata usilikali mokakamiza, ndipo lamulo lomwelo linapereka njira ziwiri kwa amene chipembedzo chawo chinkawaletsa kupha. Amene ankakana chilichonse chokhudza usilikali ankaikidwa m'gulu la 4-E, n'kutumizidwa ku ntchito za boma zosakhudza nkhondo monga kuzimitsa moto wa m'nkhalango ndi kusamalira odwala m'zipatala za amisala. Amenewa anali pafupifupi 12,000. Amene ankalola kuvala yunifolomu koma osagwira chida ankaikidwa m'gulu la 1-A-O, ndipo anali osachepera 25,000. Panalinso ena pafupifupi 6,000 amene anapita kundende, ambiri mwa iwo a Mboni za Yehova. Doss anali wa 1-A-O. Ankagwira ntchito pamalo opangira zombo ku Newport News, ndiye akanatha kupempha kuti asatengedwe, koma sanatero, ndipo analowa usilikali mu April 1942. Iye sankakonda kutchedwa wokana. Ankati ndi munthu wogwirizana ndi dziko lake mpaka pamene chikumbumtima chake chikumulola.

Ndiye ufulu wake wosagwira mfuti unali wolembedwa kale m'lamulo asanalowe n'komwe pa kampu. Mufilimu timaona akuimbidwa mlandu m'khoti la asilikali, bambo ake akulowa mwadzidzidzi atavala yunifolomu yakale ndi kalata m'manja, ndiponso iyeyo ali m'chitokosi pa tsiku la ukwati wake. Mlandu wotere sunachitike. Anamuopseza nawo, anamumana tchuthi, ndipo akuluakulu ena anayesa kumuchotsa usilikali ponena kuti mutu wake suli bwino, koma zinakanika. Ukwati wake ndi Dorothy Schutte unachitika pa 17 August 1942 popanda chosokoneza, ndipo pa nthawi imene ankadziwana Dorothy sanali namwino ngati mmene filimu ikusonyezera. Unamwino anauphunzira pambuyo pake.

Chifukwa chimene ndikuonera kuti kusinthaku n'kwakukulu n'chakuti kumabisa mtundu wa mavuto amene munthu wotere amakumana nawo. Mlandu wa tsiku limodzi umatha, munthu n'kutuluka atapambana. Doss anakhala zaka ziwiri m'makampu ophunzitsira, ndipo mkangano wake waukulu sunali wa mfuti yokha ayi, unalinso wa Sabata. Mlungu uliwonse ankafunika kupempha chilolezo choti apite kutchalitchi Loweruka, n'kubweza pogwira ntchito Lamlungu. Anzake ankaona ngati akukonderedwa, ena ankamuponyera nsapato akamapemphera. Kupirira kotere n'kovuta kukujambula, chifukwa tsiku lililonse limafanana ndi linzake, koma kumeneko ndiko kunali kulemera kwa nkhaniyi.

Chachiwiri chimene filimu inachotsa ndi nkhondo ziwiri zathunthu. Gulu lake, la 77th Infantry Division, linamenya nkhondo ku Guam mu 1944, kenako ku Leyte m'dziko la Philippines. Konseko Doss anali nawo, ndipo analandira mendulo ya Bronze Star kawiri. Pofika ku Okinawa anzake ankamudziwa kale kuti ndi munthu amene amapita pamene ena akubwerera. Filimu imafuna kuti onse amukayikire mpaka usiku umodzi wa pa chitunda uja, kenako asinthe maganizo nthawi imodzi. Asilikali sakhulupirira munthu wachipatala mwa njira imeneyo. Amayamba kumukhulupirira pa zinthu zazing'ono: amawathandiza matuza a kumapazi pa ulendo wautali, amaonetsetsa kuti amwa mankhwala a malungo, amabwera akaitanidwa usiku.

Tsopano chitundacho. Nkhondo ya ku Okinawa inayamba pa 1 April 1945 n'kutha chakumapeto kwa June. Chitunda cha Maeda, chimene masiku ano chili mu mzinda wa Urasoe, chinali chotalika pafupifupi mamita 120, koma mbali yaikulu inali yotsetsereka moti munthu akhoza kukwera ndi miyendo. Chakumwamba kwenikweni ndiko kunali khoma la thanthwe la mamita pafupifupi 10, pamene anapachika maukonde a zingwe otengedwa m'zombo, ndipo Doss anali mmodzi mwa amene anakawapachika. Filimu inajambulidwa ku Australia, ndipo khomalo inalikuza kwambiri. Pansi pa chitundacho asilikali a Japan anali atakumba mapanga ndi njira zolumikizana, ndiye asilikali a America akalanda pamwamba masana, adani ankatulukira kumbuyo kwawo. Gulu la 96th Division ndilo linayamba kulimbana ndi malowa, kenako la 77th linalowa m'malo mwake kumapeto kwa April.

Chiwerengero cha anthu 75 amene amati Doss anawapulumutsa powatsitsa pa khomalo ndi chingwe chili ndi mbiri yake. Akuluakulu ake anawerengetsa kuti anatsitsa anthu 100. Doss anati sangapose 50. Anagwirizana kulemba 75. Sikuti wina anaima m'munsi ndi pepala n'kumachonga, ndipo aliyense amene amalemba za nkhondo ayenera kukumbukira kuti manambala ambiri a m'zikalata za mendulo amapezeka mwa njira yotere. Ngakhale titatenga 50, ntchitoyo ndi yoopsa. Tiyerekeze kuti anali ndi maola 12: ndiye kuti munthu mmodzi pa mphindi zosakwana 15 zilizonse, kumupeza, kumumanga bala, kumukoka mpaka m'mphepete, kumumanga chingwe, kumutsitsa, kukoka chingwe chibwerere. Doss anali wochepa thupi, ndipo munthu wovulala amene sangathe kudzithandiza amalemera kuposa mmene amaonekera.

Pa chingwe filimu inachita bwino. Anagwiritsa ntchito mfundo yotchedwa bowline, yomangidwa pa chingwe chopinda pawiri kuti patuluke malupu awiri. Ubwino wa mfundo imeneyi ndi wakuti lupu lake silifupika likalemedwa. Mfundo yotsetsereka ikanamufinya munthu pachifuwa n'kumulepheretsa kupuma, kapena kuwonjezera kuvulala kwa nthiti. Miyendo inkalowa m'malupu aja, chingwe n'kuzungulizidwanso pachifuwa kuti munthu asagadabuke. Kumwamba chingwecho ankachikulunga pa chitsa cha mtengo kuti kukhuzana kwa chingwe ndi mtengo kunyamule mbali yaikulu ya kulemerako. Popanda chitsacho chingwe chikanamusupula m'manja pa munthu wachiwiri kapena wachitatu, mwinanso kumukokera kuphompho.

Koma pa ntchito yeniyeni ya chipatala mafilimu ambiri amafulumira, ndipo apa m'pamene ndikufuna kukhalitsa.

Msilikali wachipatala wa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse sanali dokotala. Anali ndi zikwama ziwiri za nsalu, ndipo mkati mwake munali mabandeji, sizasi, zomatira, ufa wa sulfa, timachubu ta morphine, malamba oletsa magazi, ndi kabuku ka timapepala tolembapo za wovulala. Ntchito yake inali ya mphindi zochepa: kuletsa magazi, kutseka bala, kuchepetsa ululu, kulemba kapepala, n'kupita kwa wina. Ambiri mwa mabala sanali a zipolopolo koma a zidutswa za mabomba a mizinga ndi a m'manja, ndipo oposa theka ankakhala m'manja ndi m'miyendo. Choyamba chinali kudula zovala ndi sizasi n'kufufuza thupi lonse, chifukwa bala lolowera likhoza kukhala laling'ono pamene lotulukira, kumsana kapena kuseri kwa ntchafu, ndilo likutaya magazi. Mufilimu simuona kawirikawiri munthu akutembenuzidwa kuti aonedwe kumbuyo, koma wachipatala amene saiwala kuchita zimenezi ndi amene amapulumutsa anthu.

Morphine ankabwera m'kachubu kofewa kokhala ndi singano kumapeto. Munthu ankaboola chotsekera ndi kawaya, kubaya pansi pa khungu, n'kufinya. M'kachubu kamodzi munali pafupifupi mamiligalamu 30, mlingo waukulu ndithu. Akamaliza ankabaya kachubu kopanda kanthuko pa kolala ya wovulalayo kuti wotsatira adziwe kuti walandira kale. Chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa. Munthu amene wataya magazi ambiri kapena wazizidwa, mitsempha ya pakhungu imafinyika, ndiye mankhwala obayidwa pansi pa khungu amangokhala pomwepo osayenda. Wovulala amapitiriza kubuula, wina n'kumubayanso, wachitatu n'kuwonjezera. Akafika kuchipatala n'kufunditsidwa ndi kupatsidwa madzi m'mitsempha, magazi amayamba kuyenda bwino, mankhwala onse aja n'kulowa nthawi imodzi, munthu n'kusiya kupuma. Dokotala Henry Beecher anaona zimenezi pa nkhondo ya ku Italy ndipo analemba za vutoli. Morphine sankayeneranso kuperekedwa kwa wovulala m'mutu, chifukwa amabisa zizindikiro ndi kufooketsa kupuma. Choncho mukaona mufilimu munthu akubayidwa n'kukhala chete m'masekondi awiri, dziwani kuti mankhwala obayidwa motero amatenga mphindi 15 kapena kuposa kuti agwire. Beecher yemweyo anapezanso kuti ambiri mwa asilikali ovulala kwambiri sankapempha n'komwe mankhwala opha ululu m'maola oyambirira. Malo a ovulala nthawi zambiri ankakhala achete kuposa mmene mafilimu amawasonyezera, ndipo wachipatala wodziwa ntchito ankada nkhawa kwambiri ndi amene wangoti zii kusiyana ndi amene akukuwa.

Ufa woyera umene mumaona akuwaza pa bala ndi sulfanilamide. Kuwaza kumeneko ndi zoona, msilikali aliyense wa America ankanyamula kapaketi kake pamodzi ndi bandeji. Koma nkhondo ili mkati madokotala anazindikira kuti ufa wothiridwa m'bala lakuya lodzaza dothi ndi nsanza suthandiza kwenikweni. Chimene chinkateteza munthu ku kuola kwa bala chinali opaleshoni yochotsa mnofu wakufa ndi zinyalala zonse, bala n'kusiyidwa losasoka kwa masiku angapo, ndipo kuyambira mu 1944 penicillin anayamba kupezeka wambiri.

Lamba woletsa magazi ndiye ali ndi mbiri yomvetsa chisoni. Amene ankaperekedwa nthawi imeneyo anali wansalu wokhala ndi chomangira chachitsulo, ndipo nthawi zambiri sankathina mokwanira. Lamba wothina pang'ono amatseka mitsempha yobweza magazi kumtima koma osatseka imene ikubweretsa magazi, ndiye bala limatuluka magazi ambiri kuposa poyamba. Kuwonjezera apo, asilikali ankaphunzitsidwa kumasula lambayo pakapita mphindi 20 kapena 30 zilizonse poopa kuti mwendo ungafe. Kumasula kulikonse kunkataya magazi ena, ndipo anthu ena anafa pang'onopang'ono mwa njira imeneyi. Masiku ano amaphunzitsa zosiyana: lamba akhale wotambalala, amangidwe masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala koma osati pa bondo kapena pa chigongono, athinitsidwe mpaka magazi asiye, nthawi ilembedwe, ndipo asamasulidwe mpaka wovulala afike kwa odziwa. Filimu yonena za 1944 imene ikusonyeza njira ya masiku ano yalakwitsa mbiri, ngakhale kuti yasonyeza chithandizo chabwino.

Botolo limene mumaona litapachikidwa pa mfuti yozikidwa pansi nthawi zambiri silinali la magazi. Linali la madzi a m'magazi, amene ankaumitsidwa kukhala ufa kuti asawonongeke poyenda. Ankabwera m'mabotolo awiri, lina la ufa, lina la madzi oyera, ndipo wachipatala ankalumikiza awiriwo ndi singano ya mbali ziwiri, kudikira kuti ufa usungunuke, kenako kufufuza mtsempha pa mkono wa munthu amene mitsempha yake yafota chifukwa chotaya magazi. Chikalata cha mendulo ya Doss chimanena kuti anachita zimenezi zipolopolo zikugwa pafupi. Madzi amenewa ankakweza kuthamanga kwa magazi, koma alibe maselo ofiira onyamula mpweya, ndiye munthu ankaoneka ngati watsitsimuka kenako n'kufookanso pa tebulo la opaleshoni. N'chifukwa chake mu 1944 anayamba kutumiza magazi athunthu pa ndege kuchokera ku America.

Ndipo wachipatalayo sanali yekha. Pambuyo pake pankabwera onyamula machira, anayi pa machira amodzi, ndipo m'matope kapena pa phiri ankafunika ochuluka ndi kusinthana. Iwo ankapita ndi wovulala pamalo othandizira a gulu lawo, mamita mazana angapo kumbuyo, pamene panali dokotala. Kuchoka apo galimoto inkamutengera pamalo osankhira ovulala, kenako kuchipatala cha matenti. Kapepala kaja kankamangidwa pa batani la malaya, kolembedwa dzina, mtundu wa bala, mankhwala ndi nthawi, chifukwa wovulala ankadutsa m'manja mwa anthu ambiri amene sanaonane. Aliyense amene Doss anatsitsa analandiridwa ndi anthu ena m'munsi. Filimu ikamuonetsa munthu mmodzi yekha ngati wochita zozizwitsa, imatiiwalitsa kuti ntchito yake ikanapita pachabe pakanapanda onyamula machira, amenenso ankafa ambiri chifukwa munthu sangathe kukwawa atanyamula machira.

Palinso nkhani ya mtanda wofiira. Pangano la ku Geneva la 1929 linkateteza ogwira ntchito zachipatala, ndipo linkawalola kunyamula chida chodzitetezera iwo eni ndi odwala awo popanda kutaya chitetezocho. Pangano la 1949 linasunga mfundo yomweyo. Ku Ulaya asilikali achipatala a America nthawi zambiri sankanyamula zida ndipo ankavala mtanda poonekera. Ku nkhondo ya m'zilumba za Pacific zinali zosiyana: mtandawo unkakopa zipolopolo, ndiye ambiri anauvula n'kuyamba kunyamula mfuti. Izi zikutanthauza kuti Doss sanali wopanda mfuti chifukwa choti anali wachipatala. Anzake a ntchito yomweyo anali nazo. Iye anali wopanda mfuti chifukwa anasankha kutero.

Kuvulala kwake ndi pamene zoona zimaposa filimu. Sanavulale pa chitunda cha Maeda ayi. Zinachitika patapita milungu iwiri, usiku wa pa 21 May, pafupi ndi Shuri. Bomba la m'manja linamuvulaza miyendo, ndipo m'malo moitana wachipatala wina kuti achoke pobisala, anadzimanga yekha mabala n'kudikira maola asanu. Onyamula machira atamutenga, anaona munthu wina wovulala kwambiri kuposa iye, anatsika pa machirapo n'kuwauza kuti atenge winayo. Akudikira, chipolopolo chinamuthyola mkono. Anamangirira thako la mfuti pa mkonowo kuti fupa lisagwedere, n'kukwawa mamita pafupifupi 270 mpaka pamalo othandizira. Opanga filimu anasiya zambiri mwa izi poona kuti oonera sangakhulupirire. Pulezidenti Harry Truman anamuveka Medal of Honor, mendulo yapamwamba kwambiri ya asilikali ku America, pa 12 October 1945.

Doss sanali woyamba ndipo sanali womaliza. Ku Britain lamulo lolemba usilikali mokakamiza linabwera mu 1916, ndipo amuna pafupifupi 16,000 anakana pa nkhondo yoyamba. Aliyense ankaonekera pamaso pa kabungwe ka m'dera lake kuti afotokoze chikumbumtima chake, ndipo mabungwe ambiri anali ouma mtima. A mpingo wa Quaker anali atayambitsa kale Friends' Ambulance Unit mu 1914, gulu la anthu wamba oyendetsa maambulansi ndi kugwira ntchito m'sitima zonyamula ovulala. William Coltman, wonyamula machira amene chikhulupiriro chake sichinkamulola kupha, analandira Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya asilikali ku Britain, chifukwa cha zimene anachita mu October 1918, kuwonjezera pa mamendulo ena anayi a kulimba mtima, osawombera ngakhale kamodzi. Pa nkhondo yachiwiri ena mwa okana a ku Britain anadzipereka kulowa m'magulu achipatala odumpha ndi parachuti, ndipo anatera ku Normandy m'dziko la France mu June 1944 opanda chida. Lew Ayres wa ku America, amene anatchuka posewera mufilimu yodana ndi nkhondo mu 1930, anakana kugwira mfuti mu 1942, nyumba zina zoonetsera kanema n'kusiya kuonetsa mafilimu ake, koma iye anakatumikira monga wachipatala ku Pacific. Ku Vietnam okana awiri, Thomas Bennett ndi Joseph LaPointe, analandira Medal of Honor atafa kale. Onse awiri anaphedwa mu 1969 akuyesa kufikira ovulala.

Tisaiwalenso kuti pakati pa okanawo panali kusagwirizana kwenikweni. Ena ankati kuchiritsa msilikali kuti abwerere kukamenya nkhondo ndi kuthandiza nkhondo yomweyo, ndipo anasankha ndende. Mafilimu amakonda wokana amene amavala yunifolomu chifukwa oonera amamulandira mosavuta: salimbana ndi nkhondoyo, amangokana mbali imodzi. Amene anakana zonse sapezeka kawirikawiri pa kanema, ngakhale kuti ena mwa iwo anapereka matupi awo mwa njira ina. Amuna 36 a gulu la 4-E anadzipereka kukhala ndi njala kwa miyezi isanu ndi umodzi pa kafukufuku wa Ancel Keys ku yunivesite ya Minnesota, mu 1944 ndi 1945, kuti madokotala adziwe mmene angadyetsere anthu opulumuka ku njala ya nkhondo.

Si kusintha kulikonse kumene ndimakuona ngati kulakwa. Kuphatikiza asilikali atatu kukhala munthu mmodzi, kapena kupeka sajeni woti aimire aphunzitsi onse a pa kampu, n'zomveka, chifukwa maola awiri sangakwane anthu zana. Koma pali malire. Filimu ya U-571 ya mu 2000 inapereka kwa asilikali a America ntchito yolanda makina a Enigma, amene asilikali a Germany ankabisira mauthenga awo, m'sitima yapansi pa madzi, pamene amene anachita zimenezi mu May 1941 anali a Britain a m'chombo cha HMS Bulldog, America isanalowe n'komwe m'nkhondo. Filimu ya pa TV ya magawo angapo yotchedwa Band of Brothers inanena kuti msilikali Albert Blithe anamwalira mu 1948 chifukwa cha bala lake, pamene munthuyo anachira, anapitiriza usilikali, n'kumwalira mu 1967. Cholakwacho chinachokera m'zokumbukira za anzake, zimene palibe anazitsimikiza ndi zikalata. Mboni yoona ndi maso ndi yofunika, koma imadziwa za dzenje lake lokha, ndipo zaka zikamapita zimene inamva kwa ena zimasakanikirana ndi zimene inaona. Wofufuza wabwino amaika pamodzi zinthu zitatu: zonena za mboni, malipoti a gulu olembedwa masiku omwewo, ndi mapu a malowo.

Kulakwa kumene kumandipweteka kwambiri ndi kochotsa anthu. Gawo la Band of Brothers lonena za wachipatala Eugene Roe ku Bastogne m'dziko la Belgium ndi limodzi mwa zabwino kwambiri zimene zinajambulidwapo za ntchitoyi: likuonetsa munthu akuyenda dzenje ndi dzenje kupempha morphine ndi sizasi chifukwa zipangizo zatha, akuyang'ana mapazi a anzake owonongeka ndi chisanu. Likuonetsanso namwino Renée Lemaire, amene anaphedwa ndi bomba pa 24 December 1944. Koma mnzake amene anagwira naye ntchito, Augusta Chiwy, mwana wa bambo wa ku Belgium ndi mayi wa ku Congo, amangooneka pang'ono ndipo anamupatsa dzina lina. Chiwy anapulumuka bomba lomwelo, anapitiriza kuthandiza ovulala, ndipo ulemu wa boma anaulandira mu 2011 ali wokalamba.

Ku Okinawa n'chimodzimodzi, koma pamlingo waukulu. Asilikali a America oposa 12,000 anafa, a Japan pafupifupi 100,000, ndipo anthu wamba a pachilumbacho amene anafa anali ochuluka mofanana ndi amenewo kapena kuposa. Hacksaw Ridge siionetsa munthu wamba ngakhale mmodzi, ngati kuti nkhondoyo inamenyedwa pamalo opanda midzi. Komatu mbali inayo kunalinso osamalira ovulala opanda zida. Atsikana 222 a sukulu ndi aphunzitsi awo 18, odziwika ndi dzina loti Himeyuri, anatengedwa kukagwira ntchito m'zipatala za m'mapanga za asilikali a Japan, kunyamula madzi, kugwira odwala podulidwa miyendo, kutaya ziwalo zodulidwa. Oposa theka la iwo anafa, ambiri m'masiku omaliza atauzidwa kuti atuluke m'mapangamo adzionere okha.

Mafilimu amathera pa mendulo, koma thupi la munthu limapitiriza kulipira. Doss anapezeka ndi chifuwa chachikulu mu 1946, ndipo anakhala zaka zoposa zisanu akulowa ndi kutuluka m'zipatala. Anamuchotsa phapo limodzi ndi nthiti zisanu. Mankhwala amene ankalandira anamuwononga makutu mpaka anagonthiratu mu 1976, ndipo anayambanso kumva pang'ono mu 1988 atamuika kachipangizo m'khutu. Sanathenso kugwira ntchito yolemetsa, ndiye Dorothy anaphunzira unamwino kuti banja lipeze chothandizira. Kwa zaka zambiri Doss ankakana anthu ofuna kupanga filimu ya moyo wake poopa kuti asintha nkhaniyo ndi kupeputsa chikhulupiriro chake. Analola Terry Benedict kujambula filimu ya zochitika zenizeni, The Conscientious Objector, imene inatuluka mu 2004, ndipo mmenemo iye mwini ndi asilikali amene anali naye, kuphatikizapo Jack Glover, mkulu wake amene poyamba ankafuna kumuchotsa m'gululo, akufotokoza ndi pakamwa pawo. Doss anamwalira pa 23 March 2006 ku Piedmont, Alabama, zaka khumi filimu ya Gibson isanatuluke.